George Washington Carver ndi Mlimi wa Nyulu Imodzi

Mu Januwale 1921, mu mzinda wa Washington, komiti ya aphungu yoona za misonkho inaitana mphunzitsi wachikuda wochokera ku Alabama kuti apereke umboni. Anamupatsa mphindi khumi zokha. Munthuyo, wa mawu okwera ngati a kamnyamata, atavala jekete lakale lokhala ndi duwa pachifuwa, anayamba kutulutsa m'bokosi mabotolo ndi timaphukusi n'kumayala patebulo: mkaka wa mtedza, ufa wa mtedza, maswiti, chakudya cha ziweto, utoto. Aphungu ena poyamba ankamuseka. Mphindi khumi zija zitatha anamuwonjezera zina, kenako zinanso, mpaka wapampando anangomusiya kuti alankhule mmene angafunire. Chaka chotsatira, mu 1922, lamulo latsopano la misonkho linakweza msonkho wa mtedza wolowa m'dzikolo kuchokera kunja, monga momwe eni makampani a mtedza amene anamutumawo ankafunira.

Kuyambira tsiku limenelo George Washington Carver anasanduka munthu wa mtedza, ndipo umu ndi mmene ambiri a ife tinamumvera koyamba. Koma pamene ankaima pamaso pa aphunguwo n'kuti atagwira kale ntchito zaka 24 pa sukulu ya Tuskegee, ndipo mtedza unali kachigawo kakang'ono chabe ka ntchitoyo. Chimene chinamudyera zaka zake za mphamvu chinali funso lina: mlimi wopanda ndalama, wolima munda woguga umene si wake, angadye bwanji n'kukhuta, ndipo angatuluke bwanji m'ngongole?

Anabadwa ali kapolo cha m'ma 1864 pa famu ya Moses Carver pafupi ndi Diamond, m'chigawo cha Missouri. Mayi ake, Mary, anagulidwa mu 1855 pa mtengo wa madola 700. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America ili mkati, achiwembu anafika usiku n'kuba mayiyo pamodzi ndi khanda lake. Moses Carver anatuma munthu wina, John Bentley, kuti awalondole. Bentley anabwerera ndi khanda lokha, ndipo malipiro ake anali kavalo. Mary sanaonekenso. Ukapolo utatha mu 1865, Moses ndi mkazi wake Susan analera George ndi mkulu wake James. Popeza George anali wodwaladwala, sanamutume kwambiri kumunda. Anaphunzira kuphika, kuchapa ndi kuluka, ndipo nthawi yotsala ankaithera m'tchire akutola maluwa ndi miyala. Anansi anayamba kumubweretsera zomera zawo zikamafota.

Sukulu ya pafupi sinkalandira ana achikuda. Ali mnyamata wamng'ono anayenda ulendo wa makilomita pafupifupi 13 kupita ku Neosho kumene kunali sukulu yawo, ndipo anasungidwa ndi mzamba wina, Mariah Watkins. Kuchokera apo anayendayenda m'matauni a ku Kansas kwa zaka zoposa khumi, akuchapira anthu zovala kuti apeze fizi. Ku Fort Scott mu 1879 anaona ndi maso ake gulu la azungu likupha munthu wachikuda poyera, ndipo anachoka m'tauniyo nthawi yomweyo. Koleji ya Highland inamulandira kudzera m'kalata, koma atafika n'kuona khungu lake, inamubweza pakhomo.

Zitatero anatenga malo a boma ku Ness County, kumadzulo kwa Kansas, mu 1886. Anamanga nyumba ya zibuma za kapinga, analima maekala 17 popanda chiweto chomuthandiza, anabzala chimanga, ndiwo zamasamba ndi mitengo ya zipatso. Dera lake linali louma, la mphepo ndi chisanu. Mu 1888 anakongola madola 300 ku banki, ndipo posakhalitsa anachoka pamalopo. Zaka ziwiri zimenezi sizitchulidwa kawirikawiri, koma ife tikuona kuti n'zofunika: munthu amene adzaphunzitse alimi osauka anali atalawapo yekha khasu, chilala ndi ngongole.

Mu 1890 analowa koleji ya Simpson ku Iowa kuti aphunzire kujambula ndi kuimba piyano. Mphunzitsi wake wa zojambula, Etta Budd, ataona mmene ankajambulira maluwa molondola, komanso podziwa kuti munthu wachikuda sangadye ndi burashi m'masiku amenewo, anamulangiza kupita ku koleji ya zaulimi ya ku Ames. Anafika kumeneko mu 1891 ngati wophunzira woyamba wachikuda. Anatenga digiri yoyamba mu 1894 ndi yachiwiri mu 1896, akugwira ntchito ndi Louis Pammel pa matenda a zomera. Ku Ames anali ndi ulemu, labotale yabwino ndi tsogolo looneka. Ndiye kunafika kalata ya Booker T. Washington yomuitana kuti akatsogolere nthambi ya zaulimi pa Tuskegee, pa malipiro a madola 1,000 pa chaka. Anavomera, ndipo anakhala komweko zaka 47.

Kuti timvetse zimene anakapeza ku Alabama, tiyenera kuima kaye pa chuma cha thonje. Ukapolo utatha, omasulidwa sanapatsidwe malo. Eni minda anali ndi nthaka koma analibe ndalama zolipira antchito; omasulidwa anali ndi manja koma analibe nthaka. Ndiye panabadwa dongosolo logawana zokolola. Banja linkapatsidwa munda, kanyumba, nyulu imodzi ndi pulawo, ndipo pokolola theka linkapita kwa mwini malo. Koma kuyambira pobzala mpaka pokolola banja liyenera kudya. Chakudya, zovala ndi feteleza ankazitenga pa ngongole ku sitolo, kawirikawiri ya mwini malo yemweyo, ndipo chikole chake chinali mbewu imene isanamere n'komwe. Mtengo wa pa ngongole unali wokwera kuposa wa pa kashi, pamwamba pake chiwongoladzanja, ndipo buku la ngongole ankasunga ndi wa sitolo. Mlimi amene sadziwa kuwerenga akanatsutsa chiyani? Ife amene tinakula tikuona matenanti pa maesiteti a fodya sitifunika kutifotokozera kawiri mmene chaka choterechi chimathera.

Wokongozayo ankafuna mbewu imodzi yokha, thonje. Chifukwa chake n'chosavuta: thonje silionongeka msanga, lili ndi msika nthawi zonse, ndipo banja lanjala silingalidye usiku wokongoza asanalitenge. Choncho thonje linkabzalidwa mpaka pakhonde, chaka ndi chaka, pamunda womwewo. Mizere yake inkapaliridwa mbee, ndipo akakolola nthaka inkakhala pamtunda, mvula ikuimenya. Dothi la pamwamba linkapita ndi madzi, kusiya zigwembe zofiira. Zokolola zikatsika, mankhwala ake anali feteleza wogula, pa ngongole yomwe ija. M'zaka za m'ma 1890 mtengo wa thonje unagwa mpaka cha m'ma masenti 5 kapena 6 pa paundi. Banja limene linkalima chaka chonse linkadya ufa wa chimanga, mafuta a nkhumba ndi manyuchi, zonse zogula, ndipo matenda obwera chifukwa chosowa zakudya za magulu anali ponseponse. Alimi ankafa ndi njala ataima m'munda.

Carver anafika mu Okutobala 1896 n'kupeza kuti labotale kulibe. Iye ndi ophunzira ake anatola mabotolo, zivindikiro ndi miphika yakale m'maenje a zinyalala n'kupanga zida zawo zoyamba. Mu 1897 boma la Alabama linakhazikitsa pa Tuskegee malo ofufuzira zaulimi, a maekala khumi, ndi ndalama zokwana madola 1,500 pa chaka. Nthaka yake inali yoguga ngati ya alimi oyandikana nawo, ndipo zimenezi zinamuthandiza, chifukwa chilichonse chimene chikanatheka pamenepo chikanathekanso kwa iwo.

Poyamba anayesa zimene anaphunzira ku Iowa, kuphatikizapo feteleza wa m'sitolo ndi zida zamakono. Zotsatira zake zinali zabwino, koma anazindikira msanga kuti akuyankha funso limene alimi ake sanafunse. Kuuza munthu wa nyulu imodzi kuti agule pulawo ya mahatchi awiri, kapena kuti awonjezere matumba a feteleza, kunali kumukankhira m'dzenje limene anali kale. Apa ndi pamene maganizo ake anatembenuka, ndipo kwa ife apa ndi pamene pali ukulu wake. Anayamba kuyeza uphungu uliwonse ndi muyeso umodzi: kodi mlimi angauchite osatulutsa ndalama? Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Feteleza anamupeza m'dambo ndi m'nkhalango. Anaphunzitsa alimi kutuma ana ndi ngolo m'miyezi yopanda ntchito kukatuta matope a m'dambo, masamba ofota, phulusa ndi ndowe, n'kuziunjika mosanjikiza kuti ziwole. Anawaphunzitsa kusiya kutentha mapesi, kulima mopingasa chitunda, ndi kutseka zigwembe zisanakule. Koposa zonse anawaphunzitsa kasinthasintha wa mbewu: chaka chino thonje, chaka chamawa khobwe, nyemba, soya kapena mtedza. Mbewu za mtundu wa nyemba zili ndi timibulu ku mizu mmene mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timatenga nayitrojeni mu mpweya n'kumusandutsa chakudya cha mbewu. Sanatulukire ndi iye zimenezi. Alimi ankadziwa kuyambira kalekale kuti munda wa nyemba umasiya chonde, ndipo akatswiri awiri a ku Germany, Hellriegel ndi Wilfarth, anali atasonyeza chifukwa chake m'ma 1880. Chimene Carver anachita ndi kutenga nzeru imeneyi m'mabuku a akatswiri n'kuifikitsa pakhomo pa munthu wosadziwa kuwerenga. Ndipo mbewu imene ankaikonda kwambiri m'zaka zimenezi sinali mtedza ayi. Inali khobwe, ndi mbatata pambali pake.

Anazindikiranso kuti mlimi sangabzale mbewu imene mkazi wake sadziwa kuiphika. N'chifukwa chake timabuku take, timene tinakwana 44, tinali tosiyana ndi ta akatswiri ena. M'kabuku kamodzi munkakhala malangizo a kabzalidwe kwa mlimi, mayina a sayansi kwa mphunzitsi, ndi njira za kaphikidwe kwa mayi wa pakhomo, zonse m'mawu osavuta. Koyamba, ka mu 1898, kanali konena za kudyetsa ziweto mbewu za mtengo wa oak zimene zinkangowolera pansi m'nkhalango. Ka mu 1905 kanali ka kubwezeretsa chonde m'nthaka yoguga. Kena kanaphunzitsa kusunga zipatso za kutchire, kena kufutsa ndi kuumitsa ndiwo ngati mmene amayi athu amachitira mfutso, kena kupaka nyumba ndi dothi la mitundumitundu la ku Macon County m'malo mogula penti. Ka mtedza, kokhala ndi njira 105 zoudyera, kanatuluka mu 1916. Masamu ake anali omveka: chilichonse chimene banja ladzilimira kapena ladzipangira ndi mzere umodzi umene sunalembedwe m'buku la wa sitolo. Banja likadya za m'dimba mwake chaka chimodzi, ziwiri, zitatu, n'kumasunga kangachepe, tsiku lina lingathe kugula munda wakewake.

Popeza alimi ambiri sakanatha kufika pa sukulu, sukulu inawatsatira. Kumapeto kwa sabata Carver ankakwera ngolo kupita m'midzi, n'kumalankhula ndi anthu pabwalo la tchalitchi kapena pakhonde la munthu. Mu 1906 maulendo amenewa anasanduka sukulu yoyenda, ngolo yokokedwa ndi nyulu imene iye anaijambula ndipo ndalama zake anapereka Morris K. Jesup wa ku New York. Inkanyamula mbewu, pulawo, chida chopangira batala ndi zina zoonetsera. Amene anaiyendetsa anali wophunzira wake, Thomas Monroe Campbell, yemwe chaka chomwecho anakhala mlangizi woyamba wachikuda wa zaulimi wolembedwa ndi boma la America.

Tisamupange mngelo. Carver anali mphunzitsi wokoma koma woyang'anira wosalongosoka. Washington ankafuna kuti minda ya sukulu ipindule ndiponso kuti malipoti afike pa nthawi yake, ndipo anamusenzetsa ntchito zambiri, kuyambira makalasi mpaka zitsime ndi ukhondo wa pa sukulu. Anakangana kwa zaka zambiri, makamaka pa khola la nkhuku limene chiwerengero chake sichinkagwirizana ndi cha m'mabuku. Carver anali wosachedwa kukhumudwa, wokonda kuyamikiridwa, ndipo kangapo konse analemba kalata yoopseza kuti asiya ntchito. Mu 1910 anamuchotsa pa utsogoleri wa nthambi ya zaulimi n'kumupatsa ya kafukufuku. Sanachoke.

Koma chimene chinalepheretsa ntchito yake sichinali khalidwe lake. Uphungu wake unali wolondola, ndipo mabanja amene anali ndi malo awoawo anapindula nawo. Vuto linali lakuti ambiri mwa alimi achikuda a ku Alabama analibe malo. Manyowa a kompositi amabweza phindu lake pakapita zaka. Tenanti sankadziwa ngati chaka chamawa adzakhala pamunda womwewo. Akaukonza munda n'kuyamba kubereka bwino, mwini malo akanatha kukweza lendi kapena kumuchotsa. Akafuna kubzala khobwe, wokongoza ankati chikole chake ndi thonje. Akafuna kudandaula, akanapita kuti? Malamulo atsopano a Alabama a mu 1901 analanda pafupifupi anthu onse achikuda ufulu wovota, ndipo makhoti anali m'manja mwa eni malo omwewo. Carver, potsata njira ya Washington, sanalankhule poyera zotsutsa dongosolo limeneli. Ena amamudzudzula pa chifukwa chimenechi. Ife tikakumbukira zimene anaona ku Fort Scott ali mnyamata, timazengereza kumuweruza, komabe sitingabise kuti nthenda imene ankaithira manyowa gwero lake linali m'buku la ngongole ndi m'chikalata cha umwini wa malo.

Chimene chinagwedeza ufumu wa thonje pamapeto pake chinali kachilombo. Boll weevil, kachibale ka nankafumbwe kamene kamaboola zibalobalo za thonje, kanalowa ku Texas kuchokera ku Mexico mu 1892 ndipo kanafika ku Alabama cha m'ma 1910. Minda itaonongeka, okongoza omwe aja anayamba kulola mbewu zina. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inakweza mtengo wa mafuta ophikira, ndipo alimi a kum'mwera kwa Alabama anathamangira mtedza. Tauni ya Enterprise inapindula kwambiri moti mu 1919 inamangira kachilomboko chipilala chaulemu. Kukwera kwa mtedza kunabwera chifukwa cha kachilombo ndi msika kuposa chifukwa cha Carver. Nkhondo itatha, mtedza wotchipa wochokera ku Asia unayamba kugwetsa mitengo, ndipo eni makampani anafuna munthu wowalankhulira. Anamumva pa msonkhano wawo ku Montgomery mu 1920, n'kumutumiza ku Washington kuja.

Kutchuka kunabwera ngati chigumula, ndipo kunabwera ndi nthano zake. Anthu amati anatulukira zinthu pafupifupi 300 kuchokera ku mtedza ndi zoposa 100 kuchokera ku mbatata. Mndandanda ulipodi, koma zambiri zinali njira za kaphikidwe kapena zinthu zimene ena anali atapanga kale, ndipo sankalemba mwatsatanetsatane mmene ankazipangira. Ziphaso za boma za umwini wa luso anatenga zitatu zokha, za zodzola ndi za utoto, ndipo palibe chimene chinapindula pa msika. Mafuta a mtedza amene ankatikita nawo ana opuwala ndi poliyo m'ma 1930 anapezeka kuti sanali mankhwala. Chimene chinkathandiza chinali kutikitako. Ngakhale chiponde cha m'botolo sanayambitse ndi iye. Marcellus Edson wa ku Canada anatenga chiphaso chake mu 1884, ndipo m'ma 1890 John Harvey Kellogg wa ku Battle Creek, amene timamudziwa bwino m'mbiri ya mpingo wathu, ankapatsa kale odwala ake mtedza wopera m'malo mwa nyama. Agogo athu nawo ankasinja chiponde mu mtondo osafunsa chiphaso kwa munthu. Carver sanapeke yekha nthano zambiri mwa izi, koma sanalimbikirenso kuzitsutsa. Azungu a kum'mwera ankamukonda chifukwa anali umboni wosawaopsa, ndipo anthu achikuda ankamunyadira chifukwa ankafunika ngwazi. Bungwe la NAACP linamupatsa mendulo ya Spingarn mu 1923. Pa phokoso lonseli, khobwe ndi matope a m'dambo zinaiwalika.

Chikhulupiriro chake sichinali chovala cha tsiku lopembedza lokha. Ankadzuka mbandakucha n'kupita m'tchire kukayenda, kupemphera ndi kutola zomera, ndipo ankaona chilengedwe ngati njira imene Mlengi amaphunzitsira aliyense wofuna kumvetsera. Cha m'ma 1907 ophunzira anamupempha kuti aziwaphunzitsa Baibulo Lamlungu madzulo, ndipo kalasi imeneyi inapitirira kwa zaka zambiri, iye akufotokoza nkhani ya chilengedwe atanyamula chomera kapena mwala m'manja. Kudana kwake ndi kutaya zinthu kunachokera pomwepo: kwa iye udzu wa m'munda, chiguduli ndi dothi zonse zinali ndi ntchito imene munthu sanaipeze chabe. Mu 1924 atanena ku New York kuti Mulungu ndiye amamutsogolera pa kafukufuku wake, nyuzipepala ya New York Times inamudzudzula kuti wasayansi salankhula motero. Iye anayankha kuti kuuziridwa sikutsutsana ndi kuphunzira, ndipo sanasinthe.

Sanakwatire, ndipo ndalama sankazisamala kwenikweni kupatula kuzisunga. Mu 1935 analandira womuthandiza, Austin W. Curtis, amene anakhala ngati mwana wake. Mu 1937 anakumana ndi Henry Ford, ndipo anagwirizana pa chidwi chopanga zinthu za m'mafakitale kuchokera ku mbewu; miyendo ya Carver itafooka, Ford anamuikira chikepe m'nyumba imene ankakhala. Mu 1940 anapereka ndalama zimene anasunga moyo wake wonse kuti ziyambitse thumba la kafukufuku wa zaulimi pa Tuskegee, ndipo zonse pamodzi ndi zimene anasiya pomwalira zinafika pafupifupi madola 60,000. Atagwa pa masitepe, anadwala n'kumwalira pa 5 Januwale 1943. Anamuika pafupi ndi manda a Booker T. Washington. Chaka chomwecho boma linasandutsa famu imene anabadwira ku Diamond kukhala malo a chikumbutso cha dziko, koyamba kuchitira motero munthu wachikuda.

Alimi a nyulu imodzi aja, ambiri a iwo ndi ana awo anatuluka m'ngongole pokwera sitima kupita ku Chicago, Detroit ndi mizinda ina ya kumpoto. Ku Macon County komweko, makilomita ochepa kuchokera pa maekala khumi a Carver, minda ina inali itakokoloka kwambiri moti pakati pa 1935 ndi 1938 boma linaigula, linasamutsa mabanja amene anali pamenepo, n'kubzalapo mitengo ya paini. Mu 1959 malowo anatchedwa Tuskegee National Forest. Ndi maekala pafupifupi 11,000, ndipo mwa nkhalango zonse za boma la America, yaing'ono kwambiri ndi imeneyi.